Maginito m'Chipewa cha Bambo

Chaka chomwe ndinali fomu 3 ndinadzaza makope awiri ndi zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo theka la kope lachiwiri ndi nkhani ya chipewa cha bambo anga. Ndinkalemba chilichonse ndikaweruka kusukulu. Nkhuku ikaikira pamalo achilendo ndinkalemba, mphepo ikasintha panyanja ndinkalemba, mjigo ukafa ndinkalemba. Mayi ankati ndidzatha makope onse a mu Zomba.

Bambo ndi msodzi wa milamba. Amatchera mbedza zambirimbiri pachingwe chimodzi chachitali m'nyanja ya Chilwa, ndipo bwato lawo limagona padoko la Kachulu, ulendo wa theka la ola pansi kuchokera kwathu. Munthu umawamva usanawaone, chifukwa amaimba likhweru paliponse: ponyamula nsomba, posoka thumba, ngakhale posamba. Amaimba nyimbo za kutchalitchi zokhazokha, koma mothamanga ngati za paukwati. Galu wathu akangomva likhwerulo cha kumjigo amathamanga kukawachingamira. Mayi amati likhweru lomwelo ndi limene linawapusitsa ali mtsikana.

Chaka chimenecho mutu unayamba kuwavuta. Unkagwira kumbuyo kuno, cha m'khosi, ndipo nthawi zina ankati akuona tinyenyezi masanasana. Alangizi a zaumoyo atadutsa m'mudzi mwathu anawauza kuti apite kuchipatala akayezetse kuthamanga kwa magazi, bipi ija. Bambo anangoti, "Tamva achimwene, zikomo," osapita. Tonse m'nyumba tinkaganiza chinthu chimodzi koma osachitchula. Zaka ziwiri m'mbuyomo bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, ankadandaula mutu womwewu. Tsiku lina anagwa m'munda wa mpunga, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo sabata isanathe tinawaika m'manda. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi, chakuti bambo akayezetse mutuwo usanawagwetse.

Iwo anapeza mankhwala awoawo. Munthu wina wogula nsomba, amene amazikweza minibasi kupita nazo ku Songani, anawauza kuti maginito amakoka magazi oipa m'mutu monga mmene amakokera misomali. Bambo atafika kunyumba anaphwasula wailesi yathu yakale imene inafa ndi mvula, n'kuchotsa maginito a musipika, akuda, ozungulira ngati kadonasi. Anapempha mayi kuti awasokerere m'mphepete mwa chipewa chawo choluka, pamene chimakhudza kumbuyo kwa mutu.

"Inu bambo ake, mwasanduka wailesi tsopano?" anatero mayi akusoka. "Tikakupotokolani khutu muziwerenga nkhani?"

"Sekani, sekani. Mawa mudzabwera kudzabwereka."

Kuchokera tsiku limenelo chipewa sichinkachoka kumutu, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankangochivula m'tchalitchi ndi posamba. Munthu ukatchula chipatala ankagogoda kumbuyo kwa mutu ndi chala, n'kunena kuti adokotala ali momwemu kale.

Kusukulu tinali ndi kalabu ya sayansi imene inkakumana Lachitatu tikaweruka. Ankaiyendetsa aphunzitsi athu a sayansi, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Lachitatu lina anabwera ndi peyala, mpeni ndi ndimu. Anadula peyalalo pakati, mbali imodzi n'kufinyirapo ndimu, inayo n'kuisiya. Pamene tinkamaliza kusesa m'kalasi, mbali yopanda ndimu inali itada, inayo ikadali yobiriwira.

Madamu anati chimene chadetsa peyala ndi mpweya womwe timapumawu, ndipo ndi womwewo umene umachititsa dzimbiri palata. Anati m'thupi mwathu mumachitika zofananako. Maselo akamagwiritsa ntchito okosijeni pamatsala tinthu tolusa timene timalumaluma maselowo, koma thupi lili ndi zake zotetezera, monga ndimu ija. Tinthu tolusato tikachuluka kuposa zotetezera, maselo amayamba kuwonongeka, ndipo ubongo suchedwa kupwetekeka chifukwa umadya okosijeni wambiri. Dzina lake la Chingerezi ndinalikopera m'kope, koma mumtima ndinangolitcha dzimbiri la m'thupi.

Dzanja langa linakwera lokha. "Madamu, nanga maginito angachititse dzimbiri limeneli mu ubongo?"

Anzanga anaseka, chifukwa nkhani ya chipewa inali itafika kale kusukulu. Koma Madamu sanaseke. Anati sakudziwa, ndipo tonse tinawatsata mpaka pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, pamene foni imagwira netiweki. Anafufuza kanthawi, kenako anati, "Taonani, funso lakeli anthu akuluakulu akulifunsanso."

Anatiwerengera pang'onopang'ono, akumasulira. Akatswiri ena amaika makoswe pafupi ndi makina otulutsa mphamvu ya maginito kwa masiku kapena masabata, kenako amayeza ubongo wawo kuti aone ngati dzimbiri lija lachuluka. Anthu ovala zoyera, m'mayiko amene sindinawaonepo, akuvutika ndi nkhani ya chipewa cha bambo anga! Madamu anapitiriza kuti ena anapeza kuti dzimbiri lachuluka, ena sanapeze kusintha kwenikweni, ndipo zimatengera mphamvu yake, mtundu wake ndi kutalika kwa nthawi. Anatinso tisaiwale kuti awo ndi makoswe ndi makina, osati munthu ndi kasipika ka wailesi. Mawu omalizawa anangodutsa m'makutu mwanga. Ndinali nditayamba kale kuthamanga.

Ndinawapeza bambo pakhonde akumanga mbedza. "Bambo, ubongo wanu uchita dzimbiri! Vulani msanga, tipite kuchipatala!"

"Dzimbiri? Ndine lata ine?"

Ndinafotokoza zonse ndikupuma wefuwefu, makoswe, makina, peyala. Anamvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti, "Chabwino mayi. Ndionetse."

M'mawa wa Loweruka anandibwereka chipewa kwa ola limodzi. Ndinadula peyala, mbali imodzi n'kuikhazika pamaginito, inayo n'kukaiika patali, pamwamba pa mtondo. Ndinayendayenda pakati pa ziwirizo ngati mlonda. Ola litatha ndinazigundanitsa, ndipo zinali zitada chimodzimodzi. Ndinaziyang'ana padzuwa, ndinaziyang'ana pamthunzi, kusiyana kunalibe. Bambo anatenga zonse ziwiri, anawaza mchere wodzaza dzanja monga amachitira pa chilichonse, n'kuzidya.

"Sayansi yako ndi yokoma," anatero akunyambita zala. "Mawa uyeserenso nthochi."

Lachitatu lotsatira ndinawafotokozera Madamu. Anati peyala si ubongo, choncho sindinatsimikize chilichonse, kaya choipa kaya chabwino. Kenako anandifunsa funso limene linandichititsa manyazi.

"Iwe ukufuna kudziwa, kapena ukufuna kuwaopseza bambo ako?"

"Ndikufuna apite kuchipatala, Madamu."

"Ndiye funso lako si la dzimbiri. Limenelo ulibe makina oyezera. Bambo ako akukhala kunyumba chifukwa akuti maginito akuwachiza. Funsa limenelo. Kodi akuwachizadi?"

Anandifotokozera mmene amayesera mankhwala atsopano. Munthu amapatsidwa nthawi zina mankhwala enieni, nthawi zina chinthu chongofanana nawo, iye osadziwa, n'kumanena mmene akumvera. Zimenezi sizifuna makina. Zimafuna kope ndi munthu wosatopa kulemba. Ndinatsala pang'ono kudumpha pamwamba pa desiki. Kope ndinali nalo, ndipo wosatopa kulemba m'dera lathu lonse anali ine!

Mayi anailandira nkhaniyi ndi manja awiri. Chipewa cha bambo anachiluka ndi ulusi wa juzi yakale imene anaimasula, ndipo ulusi wotsala unali utakwanira chipewa chachiwiri chofanana ndendende, chimene chinkangokhala m'sutikesi. Ine ndinatola mwala wophwathalala kumtsinje n'kuunola pamwala unzake masana awiri, mpaka unazungulira ngati maginito aja. Manja anatuluka matuza koma sindinamve. Mayi anasomola maginito, anakulunga chilichonse m'kansalu kokhuthala, n'kusokerera maginito m'chipewa china, mwala m'chinzake. Chatsopanocho tinachichapa kawiri ndi kuchiyanika pafupi ndi utsi wa milamba kuti chinunkhe ngati chakale. Nditatseka maso n'kuzigwira sindinathe kuzisiyanitsa. Chizindikiro chinali kamfundo kofiira, kobisika m'kati mwa mpindiro wa chipewa cha mwala, ndipo tinkakadziwa ine ndi mayi okha.

Bambo anavomera mosavuta, mwina chifukwa peyala linawapatsa mtima.

"Masabata awiri," ndinatero. "M'mawa uliwonse mayi azikupatsani chipewa, inu osafunsa. Madzulo muzindiuza mmene mutu waswerera. Mwala ukachita bwino ngati maginito, mupita kukayezetsa."

"Ndipita ndi miyendo yanga iyi. Nanga maginito akapambana?"

"Tikusiyani."

"Ayi, sizikukwana. Ulembenso m'kope lakolo, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti bambo anga ndi dokotala."

Tinagwirana chanza, mayi ali mboni.

Tinayamba Lachitatu. Mayi ankasankha chipewa mmene afunira, n'kundinong'oneza bambo akatuluka. Madzulo ndinkawadikira ndi cholembera m'manja. Tsiku loyamba chinali cha maginito, ndipo bambo anati mutu uli myaa. Tsiku lachiwiri maginito omwewo, myaa. Tsiku lachitatu mwala, ndipo anafika atakwinya nkhope, akuti ukuphwanya ngati wina akuwaza nkhuni m'kati. Zinapitirira choncho osaphonya. Pa maginito myaa, pa mwala kuphwanya, masiku khumi athunthu.

Sindingathe kufotokoza mmene ndinasangalalira. Ndinajambula mizere m'kope, ndinaikongoletsa ndi cholembera chofiira. Popita kumjigo ndinkadziona nditavala zoyera, ndikufotokozera akatswiri a makoswe aja zimene tapeza kuno ku Chilwa ndi ulusi wa juzi. Ndinasangalala mpaka kuiwala chimene ndinayambira zonsezi. Mayi ndi amene anandikumbutsa, akupeta mpunga osandiyang'ana.

"Ndiye ukuvinira chiyani? Maginito akowo akapambana, bambo ako kuchipatala apita?"

Komabe Lachisanu ndinathamangira kwa Madamu ndi kope lotsegula. Anayang'ana mizere yanga nthawi yaitali, n'kunena kuti zayera kwambiri, ndipo zinthu zoyera chonchi iwo zimawadetsa nkhawa.

"Palibe njira iliyonse imene angadziwire chipewa chimene avala?"

"Palibe, Madamu! Ngakhale fungo tinafananiza."

Loweruka, tsiku la khumi ndi chimodzi, mayi anandituma kudoko kukawapatsira bambo chinangwa chophika ndi thobwa. Kunali piringupiringu monga mwa masiku onse. Matemba anali mbuu pamathandala, utsi wowambira milamba ukulowa m'maso, oitanira minibasi akukuwa za ku Zomba, ndipo mapiri a pachilumba cha Chisi ankaoneka ngati ali pafupi. Bambo anali atakhala pamchenga kuseri kwa bwato ndi mnzawo amene amapha naye nsomba, bambo wina wa kofia yoyera. Ankamanga mbedza zatsopano, ndipo sanandione.

Ndikuyandikira, kachitini ka mbedza ka anzawo aja kanagubuduka, mbedza zonse n'kumwazika mumchenga.

"Ohoo! Achimwene, lero mwavala chamoyo kapena chakufa?" anafunsa a kofia.

"Chamoyo."

"Ndiye bweretsani kuno mutuwo."

Bambo anavula chipewa n'kuchiyendetsa pamwamba pa mchenga. Mbedza zinadumpha zokha, tha! tha! tha! n'kukangamira pampindiro ngati nkhupakupa. A kofia anazithothola, anathokoza, bambo n'kuvalanso. Munthu wina wapabwato loyandikana anakuwa kuti akamaliza amubwereke, singano yake yosokera matumba yasowa.

Ndinaima pomwepo ndi dengu pamutu.

"Bambo, ndiye mumadziwa?"

Anatembenuka, ndipo nkhope yawo inachita ngati ya mwana amene wapezeka ndi dzanja m'shuga. "Ine sindinafufuze, mayi. Mbedza ndimabaya pachipewa kuyambira iwe usanabadwe, ndiziika kuti? Tsiku loyamba lomwe lija ndikuti ndibaye, yadumpha yokha. Tsiku la mwala ndikuti ndibaye, yangoti zii. Ndikanaiuza kuti isandiuze?"

"Mwana wasukulu, mukanatifunsa ife," anatero a kofia akupukuta misozi ya kuseka. "Doko lonse lino timadziwa. Likakhala tsiku la chakufa timasamala mbedza, chifukwa palibe wotitolera."

Anthu anaseka mpaka amayi oyanika matemba anabwera kudzafunsa chimene chachitika. Ndinatula dengu n'kubwerera osatsanzika, misozi ili chuchuchu. Ine mwana wa msodzi, amene ndakula ndikuona mbedza zikulendewera pachipewa cha bambo tsiku ndi tsiku, ndinaganizira za fungo, kulemera ndi mtundu wa ulusi, n'kuiwala mbedza. Mayi nditawauza anagwira pakamwa. Anati posoka singano inkathawira kumaginito mpaka kuwatopetsa, koma nawonso sizinawabwerere m'mutu.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinatenga kope n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe kuti ndithothole masamba onse a nkhaniyi. Ntchito yonse inali itawonongeka, ndipo bambo anali atayamba kale kunena kuti maginito apambana. Ndisanang'ambe ndinati ndiwerenge komaliza. Sindinawerenge mizere yofiira ija. Ndinawerenga zapansi pake, zimene ndinkalemba mwachizolowezi changa chongolemba chilichonse.

"Lachinayi. Chipewa cha maginito. Bambo akuti mutu uli myaa. Nkhuku yaikira m'dengu la makala. Lero bambo abwera opanda likhweru, galu wangowadzidzimukira ali pakhomo kale. Akhala pansi pa mango atagwira khosi."

Ndinatembenuza masamba.

"Lolemba. Chipewa cha mwala. Bambo akuti ukuphwanya. Aimba likhweru kuyambira kumjigo mpaka kubafa, mayi awauza kuti akusokosera anthu odwala, bambo ayankha kuti wodwalayo ndi iwowo."

"Lachitatu. Maginito. Akuti myaa. Atiuza kuti tizimitse wailesi mpira uli m'kati, zimene sanachitepo. Chakudya asiya theka. Likhweru palibe."

Ndinabwerera pa tsiku loyamba, ndikuika kadontho pa tsiku lililonse limene ndinalemba kuti kunalibe likhweru, kapena kuti galu sanathamange. Masiku achete anapezeka asanu. Atatu anali a maginito, awiri a mwala. Pakamwa pa bambo pankatsata mbedza, koma likhweru linkatsata mutu, ndipo mutuwo sunkasamala kuti m'chipewa muli chiyani!

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Mayi anatuluka ndi chipande m'manja akuganiza kuti ndaona njoka. Nditawaonetsa anati, "Ine zimenezi ndimaziona ndi maso, koma ndinalibe pozigwirira. Tiye."

Bambo anali pansi pa mango. Ndinagwada chapatali pang'ono n'kupempha kuti ndiwawerengere. Anati ndiwerenge, bola ndisaiwale zilembo zikuluzikulu zija. Ndinawerenga Lachinayi, ndinawerenga Lolemba. Pa Lolemba anaseka kwambiri.

"Iii, m'nyumba muno muli kazitape! Amayi ake, kope limeneli ndi polisi, litenthedwe."

Ndinawerenga Lachitatu, ndipo kuseka kunatha. Anavula chipewa n'kumachitembenuza m'manja.

"Werenganso limenelo."

Ndinawerenganso.

"Tsiku limenelo ndinaona mdima ndili m'bwato," anatero motsitsa mawu. "Dzuwa lili pamutu, ine mdima bii. Ndinagwira m'mphepete mwa bwato mpaka unatha. Mnzanga ndinamuuza kuti ndikuyang'ana nsomba."

Mayi anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. "Ndiye munabwera kuno n'kumuuza mwana kuti myaa?"

"Ndikanati chiyani? Achimwene anapita kuchipatala, anabwerako m'bokosi."

"Achimwene anu anapita atanyamulidwa, atagwa kale. Inu munalonjeza miyendo yanu."

"Amati mapilitsi a bipi ukayamba susiya. Tsiku ndi tsiku mpaka kufa."

"Nanga mbedza mumatchera kamodzi pachaka? Tsiku ndi tsiku muli panyanja, sindinakumveni mukudandaula. Kapilitsi kamodzi kokha ndiye kakukanikeni?"

Ine ndinali nditagwira kope mwamphamvu mpaka chikuto chinanyowa ndi thukuta. Kenako bambo anandiyang'ana.

"Masabata awiri sanakwane. Ndiponso mayeso ako anawonongeka, mbedza zinaulula."

"Anawonongekadi, bambo. Za dzimbiri sindikudziwa, ndipo ndinalakwa kukuopsezani nazo. Koma mutu ukukupwetekani mutavala maginito. Chimenecho chokha ndi chimene ndikudziwa."

Anapumira m'mwamba. "Mawa m'mawa. Koma chipewa ndivala chamoyo."

Lolemba ndinatuma mnzanga kuti akandipepesere kusukulu, ndipo tinanyamuka atatu. Bambo anakana kabaza, anati pangano linali la miyendo. Ine ndinkatsogola, ndikubwerera, ndikutsogolanso, mpaka mayi anandikalipira kuti ndikuwazunguza mutu. Pachipatala tinakhala pabenchi mpaka dzuwa linakwera. Titalowa, anamwino anapempha bambo kuti avule chipewa ndi jekete. Anachiika patebulo, ndipo kasizasi kamene kanali pomwepo kanatsetsereka kokha n'kukamamatira pampindiro.

Anamwino anadumpha. "Kodi m'chipewamu muli chiyani, bambo?"

"Funsani adokotala awa," anatero bambo akundiloza. "Ndi amene andigwira."

Ndinafotokoza mwachidule, ndipo anamwino anaseka mpaka kuitana mnzawo kuti adzaone. Kenako anakulunga lamba woyezera pamkono wa bambo, makina n'kuyamba kufufuma. Atayang'ana manambala kuseka kunazilala. Anawauza kuti apume kaye, anayezanso mkono winawo, n'kuitana adokotala. Adokotalawo anati magazi akuthamanga kwambiri ndithu, ndipo bambo achita bwino kubwera akuyenda okha. Anawapatsa mapilitsi, anawauza tsiku lobweranso, n'kuwalamula kuti achepetse mchere. Pa mcherewo bambo anayang'ana mayi ngati munthu amene walandidwa bwato.

Potuluka ndinali ndi mantha ndi manambala aja, komanso ndinkafuna kuvina pamsewu pomwepo, chifukwa anali atayezetsa, ndipo mapilitsi anali m'thumba la jekete.

Lachitatu Madamu anandiimika kutsogolo kwa kalabu kuti ndifotokoze zonse.

"Wapeza chiyani za dzimbiri mu ubongo?" anafunsa.

"Palibe, Madamu."

"Nanga za maginito?"

"Amakoka mbedza."

Kalasi yonse inagwa ndi kuseka, ine ndemwe. Madamu anati nkhani ya mbedzayo ndiilembe pamwamba penipeni, osaibisa, kuti wina wodzayesa pambuyo panga asadzagwe pomwepo. Anatinso likhweru si makina oyezera, koma linali bwino kuposa yankho la pakamwa chifukwa bambo sankadziwa kuti ndikulilemba. Funso la makoswe lija sindinalitaye. Ndinalikopera patsamba lomaliza la kope, ndipo ndikufuna kudzafika kumene kuli makina oyezera, ndidzaone ndi maso anga ngati maginito amphamvu amachititsadi dzimbiri mu ubongo. Ndikadzayamba kuyesa ndidzafunsa kaye ngati makoswewo ali ndi njira yodziwira.

Mutu sunasiye tsiku lomwelo. Bambo anabwerera kuchipatala kangapo, ndipo ulendo wina anawasinthira mapilitsi. Nkhondo ya mchere ilipobe, mayi amaubisa m'chitini cholembedwa kuti tiyi. Maginito mayi anawasomola m'chipewa, bambo n'kuwamanga pachingwe, ndipo amalendewera m'bwato. Doko lonse limabwereka. A kofia akawaona akubwera amafunsabe kuti, "Lero chamoyo kapena chakufa?" ndipo bambo amawauza kuti afunse polisi wa kunyumba.

Patsamba lina chakumapeto kwa kope lachiwiri ndinalemba izi: "Lachisanu. Mjigo wakonzedwa. Bambo amwa pilitsi m'mawa ine ndikuona. Madzulo ndamva likhweru ali kutali, asanafike n'komwe pamjigo, ndipo galu wagwetsa ndowa yanga pothamanga. Sabata yonse ino palibe kadontho."